Veneto si Venice yokha: amene anamanga matchalitchi ndi ma villa akumeneko ankaopa chani?

Munthu akati ndikupita ku Italy ambirife timangoganiza ziwiri, Rome kwa Papa kapena Venice kumene kuli timaboti takuda tija. Koma Venice ndi likulu chabe la chigawo chotchedwa Veneto, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, chigawo cha anthu pafupifupi 5 miliyoni chimene chinayambira kunyanja ya Adriatic mpaka kukagunda mapiri a Dolomites uko, ndipo mkati mwake muli mizinda ngati Padua, Verona, Vicenza ndi Treviso. Nde vuto lake ndi loti kuderali matchalitchi akale ndi nyumba za mabwana zilipo zosayamba, moti ukamangolowa iyi, kutuluka, kulowa inayo, pofika tsiku lachitatu zonse zimangooneka zofanana, golide apa angelo kudenga apo, iwe khosi likuwawa basi. Ine ndimaona kuti bola kumafunsa pa nyumba iliyonse kuti anamanga ndani, ndalama anazipeza bwanji, ndipo chimamusowetsa tulo chinali chani. Chifukwa palibe ndi imodzi yomwe imene anaimanga kuti alendo adzajambulitsirepo zithunzi za pa Facebook.

Tiyambe ndi ndalamazo. Kwa zaka pafupifupi 1,000 Venice inali dziko palokha, lolamulidwa ndi mabanja a anthu amalonda, mtsogoleri wake ankamutchula doge ndipo ankachita kusankhidwa, sunali ufumu wosiyirana pamtundu. Dzikoli linatha mu 1797 Napoleon atafika. Geni yawo poyamba inali mchere, kenako tsabola, zokometsera zina ndi nsalu za silika, ankapikula ku Alexandria ndi ku Constantinople (Istanbul ya lero) n'kumagulitsa ku Ulaya konse, iwo n'kumadya pakati. Ndipo tchalitchi chawo chachikulu, San Marco, chinayamba ndi dilu ya amalonda omwewa. Nkhani imene eni akewo amafotokoza mosachita nayo manyazi, mpaka anaijambula pakhoma, ndi yoti mu 828 amalonda awiri anakaba mafupa a Marko Woyera, wolemba Uthenga Wabwino uja, ku Alexandria ku Egypt, n'kuwabisa mudengu pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda achisilamu apadoko asayerekeze kupisamo dzanja. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: Rome inali ndi Petulo, nde mzinda wofuna kulemekezeka unkafunika woyera wa sayizi yomweyo. Mkango wamapiko umene mumauona paliponse ku Veneto, pazipata, pambendera, ndi chizindikiro cha Marko ameneyu. Mu 1968 Papa Paulo VI anabweza kachidutswa ka mafupawo kwa akhristu achi Coptic ku Cairo.

Tchalitchi chimene chilipo lerochi anayamba kuchimanga cha m'ma 1063 n'kuchidalitsa mu 1094, ndipo mamangidwe ake ndi a ku Constantinople, madenga asanu ozungulira ngati mapoto ovundikira. Mkati mwake makoma ndi madenga anakutidwa ndi tizidutswa ta galasi tokhala ndi golide, malo oposa masikweya mita 8,000, ndipo amisiri ankatimata mopendeketsa pang'ono aka uku aka uku dala, kuti kuwala kukagunda kuzithwanima ngati madzi osati kungoti mbee ngati kalilole. Muyang'anenso pansi, pamene mukupondapo si posalala ayi, panachita mafundemafunde chifukwa nyumba yonseyi inakhala pamatope. Mahatchi anayi amkuwa ali pamwamba pa khomo aja nawonso ndi obedwa, anawatenga ku Constantinople mu 1204 pamene gulu lankhondo lachikhristu limene limati likupita ku Jerusalem linakafunkha mzinda wa akhristu anzawo, Venice ili patsogolo. Napoleon nayenso anawaba mu 1797 kupita nawo ku Paris, anabwerera mu 1815. Amene ali panjawo ndi makope, enieniwo ali mkati mu myuziyamu yapamwamba. China chimene ambiri sadziwa, San Marco sichinali tchalitchi cha bishopu mpaka 1807, chinali tchalitchi cha doge, cha boma, bishopu anamukankhira kutali kumalire a mzinda ku San Pietro di Castello. Apo mwaona kale amene ankalamula.

Mdani wa San Marco lero ndi madzi. Bwalo lake ndi malo otsika kwambiri mumzinda wonse, nde madzi a m'nyanja akakwera, chimene amachitcha acqua alta, amayambira pomwepo, ndipo mchere ukalowa mu njerwa ndi miyala ya mabo umadya pang'onopang'ono ngati chiswe. Pa 4 November 1966 madzi anafika masentimita 194, pa 12 November 2019 anafika 187. Kuyambira October 2020 kuli zitseko zachitsulo 78 za pulojekiti ya MOSE zimene zimagona pansi pa nyanja n'kumadzuka madzi akamabwera, pulojekiti imene inadya mabiliyoni a ma euro komanso inamangitsa akuluakulu pa nkhani ya katangale mu 2014. Zikugwira ntchito, zimenezo tisakane. Koma anthu okhala mkatikati mwa Venice anali pafupifupi 175,000 mu 1951, pofika 2022 anatsika kuchepera 50,000, nyumba zasanduka malo ogona alendo, ndipo kuyambira April 2024 mlendo wongobwera kudzaswera amalipira pa masiku otanganidwa, anayamba ndi ma euro 5.

Matchalitchi ena awiri otchuka a mu Venice ndi a mantha enieni. Mzinda wapadoko umalandira katundu komanso matenda, moti kale mu 1423 anali atapatula kachilumba kosungirako odwala, ndipo mawu oti quarantine amene tinatopa nawo nthawi ya Covid anachokera ku masiku 40 amene sitima zinkadikira, quaranta m'chinenero chawo. Mliri wa makoswe wa 1575 mpaka 1577 unapha anthu pafupifupi 50,000 mumzindawu, nde nyumba ya malamulo inawinda kwa Mulungu kuti mliri ukatha timanga tchalitchi, n'chimene chili pachilumba cha Giudecca, Il Redentore, kutanthauza Mpulumutsi. Mpaka lero Lamulungu lachitatu la July amayala mlatho woyandama kudutsa ngalande yonse kuti anthu akafike wapansi monga ankachitira doge. Mliri unabweranso mu 1630, anawindanso, n'kumanga Santa Maria della Salute, chija choyera chachidenga chachikulu chimene chimaoneka pa positikhadi iliyonse, mmisiri wake Baldassare Longhena, ndipo pa 21 November anthu amapitabe kukayatsa makandulo. Salute ndiye kuti thanzi. Ngati muli ndi nthawi lowaninso mu tchalitchi cha Frari mukaone chithunzi chachitali cha wopenta Titian cha Maria akukwera kumwamba atavala zofiira, iyeyo anaikidwa momwemo mu 1576, mliri uli mkati.

Tsopano tituluke m'madzi tipite kumtunda, kumene kuli nkhani imene ine imandikoka kwambiri, ya ma villa. Mawu akuti villa masiku ano tikawamva timaganiza nyumba yapamwamba yokhala ndi dziwe losambiramo, koma ku Veneto villa poyambirira inali likulu la esiteti, nyumba ya mwini munda. Zilipo zoposa 4,000 mukaphatikiza ndi za chigawo choyandikana cha Friuli, ndipo funso n'loti anthu a panyanja, amene makolo awo ankanyoza khasu, zinatheka bwanji kuti akhamukire ku ulimi?

Zinthu zingapo zinachitika motsatizana. Venice inali italanda kale kumtundaku, Vicenza mu 1404, Verona ndi Padua mu 1405. Kenako mu 1453 anthu a ku Turkey analanda Constantinople ndipo nkhondo zapanyanja zinayamba kudya phindu. Mu 1498 Vasco da Gama anazungulira Africa, kudutsa gombe la Mozambique lomweli mpaka kukafika ku India, kutanthauza kuti tsabola akanatha kufika ku Lisbon osadzera m'manja mwa Venice. Malondawo sanafe tsiku limodzi ayi, anadzukanso kwa kanthawi, koma aliyense anaona kuti panyanja pavuta. Mu 1509 mayiko a ku Ulaya anagwirizana n'kuithidzimula Venice ku Agnadello, inataya pafupifupi madera onse akumtunda n'kuwapezanso pofika 1517. Pamwamba pa zonsezi anthu ankachulukana, tirigu ankakwera mtengo, ndipo wambiri ankachokera kumadera a adani a ku Turkey aja. Nde mabwana anati ndalama tiike m'nthaka. Mu 1556 boma linakhazikitsa ofesi yoona za malo osalimidwa, ntchito yake kukumba ngalande, kuumitsa madambo ndi kuthirira kouma. Munda ukakula umafuna diso la mwini, mwiniyo ndi munthu wozolowera nyumba yabwino ya mu tauni, sangagone m'chisakasa. Apa ndi pamene pakulowera Andrea Palladio.

Palladio sanabadire m'banja la mabwana. Anabadwa ku Padua mu 1508, dzina lake lenileni Andrea di Pietro della Gondola, ndipo anayamba ngati mwana wophunzira kusema miyala, kenako anasamukira ku Vicenza. Ali ndi zaka za m'ma 30 anakumana ndi bwana wina wophunzira, Gian Giorgio Trissino, amene anamuona luso, kumupatsa dzina loti Palladio, n'kumutengera ku Rome mu 1541 kukayeza mabwinja a nyumba zakale. Chimene anabwera nacho n'chosavuta kuchiona ngakhale kwa ife osaphunzira zomangamanga: anatenga nkhope ya kachisi wa Aroma, mizati yokhala ndi kadenga ka makona atatu pamwamba, n'kuiika pakhonde la nyumba yogona anthu. Iye ankakhulupirira kuti Aroma akale ankamanga nyumba zawo choncho, anaphonya, koma kuphonya kwake kunasanduka fasho ya dziko lonse. Ndipo mwamunayu ankadziwa bajeti. Mizati yambiri imene mumaiona ngati mwala wodula ija ndi njerwa, anaziumba mwapadera kuti zizungulire, n'kuzipaka pulasitala, mwala weniweni ankausungira patsinde ndi pamutu pokha.

Ngati mukufuna villa imodzi yoti mumvetse zonsezi, ine ndingakutumizeni ku Villa Emo ku Fanzolo, kufupi ndi Castelfranco, yomangidwa cha m'ma 1560. Pakati pali nyumba ya bwana, yokwezeka, ndi mizati inayi basi, yopanda zokongoletsa zambiri. Uku ndi uku kwatambalala mikono iwiri yaitali yamakonde imene amaitcha barchesse, mmenemo ndi mmene munkakhala ngolo, zida, mbewu ndi migolo ya vinyo, ndipo kumapeto kwa mkono uliwonse kuli kansanja ka nkhunda. Ndiye kuti nkhokwe, khola ndi nyumba ya bwana zili pa mzere umodzi pansi pa pulani imodzi, bwana akhoza kuyendera katundu wake yense mvula ikugwa osanyowa. Pakhomo sanaike masitepe wamba, anaika chikweza chachikulu choyala miyala. Mkati muli zithunzi za Giovanni Battista Zelotti, milungu ya Aroma ndi zina zotero, koma banja la Emo limakumbukidwanso ndi chinthu china chimene ife tikuchidziwa bwino kuposa iwo, chimanga. Mbewuyi inali itangofika kuchokera ku America, ndipo minda ya kuderali ndi ina mwa yoyambirira kuilima ku Italy. Kuchokera apo polenta, imene ndi msuweni weniweni wa nsima kungoti amaiphika nthawi yaitali n'kuikhuthulira pathabwa, ena n'kumaidula ndi ulusi, inasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku mpaka anthu akummwera kwa Italy amawanyogodola akumpotowa kuti polentoni.

Mbali imene mabuku a alendo amaidumpha ndi ya amene ankalima mindayo. Ambiri anali ogawana zokolola ndi mwini malo kapena aganyu, moyo wofanana ndi wa matenanti a fodya, tirigu ndi vinyo n'zogulitsa, iwo n'kutsala ndi polenta yopanda ndiwo m'mawa, masana ndi madzulo. Zotsatira zake m'zaka za m'ma 1800 Veneto inadzaza ndi matenda a pellagra, aja osupula khungu ndi kusokoneza mutu amene amagwira munthu wodya chimanga chokhachokha, ndipo kuyambira cha m'ma 1875 midzi yathunthu inakwera sitima kupita ku Brazil ndi ku Argentina. Kummwera kwa Brazil mpaka lero kuli anthu olankhula chinenero chochokera ku Veneto. Nde mukamayenda pansi pa makonde okongola aja muzikumbukira kuti Veneto yolemera ya mafakitale imene ilipo leroyi ndi ya posachedwa, inabwera nkhondo yachiwiri itatha.

Villa Barbaro ku Maser, osati kutali kwenikweni ndi Emo, ndi yosangalatsa mwamtundu wina. Eni ake anali pachibale awiri, Daniele wa mpingo ndi Marcantonio kazembe wa Venice, ndipo analemba ntchito Paolo Veronese kuti apente mkati. Munthu uyu anasewera ndi maso a anthu. Mukuyenda m'chipinda mukuona chitseko chatseguka pang'ono kamtsikana kakusuzumira, mukayandikira mupeza kuti chitseko ndi kamtsikana komwe ndi utoto pakhoma losalala. Kumwamba mayi wa pakhomopo waima pakhonde ndi mlezi wokalamba pambali pake, pena kagalu, pena mlenje akulowa ndi agalu ake kumapeto kwa mzere wa zipinda. Chodabwitsa, Palladio polemba za nyumbayi m'buku lake sanamutchule Veronese ngakhale kamodzi, anthu mpaka lero amakangana ngati kunali kupsa mtima kuti wopenta wamusokonezera makoma. Pamalopo amapangabe vinyo.

Yotchuka kuposa zonse ndi La Rotonda, paphiri laling'ono kunja kwa Vicenza, yoyambidwa cha m'ma 1567, mbali zonse zinayi zofanana ndendende, khonde la mizati isanu ndi umodzi mbali iliyonse, pakati denga lozungulira ngati la tchalitchi. Koma imeneyi si ya ulimi, inali ya wansembe wopuma pantchito ku Rome, Paolo Almerico, yopumuliramo ndi kuchereza alendo, ndipo Palladio anamwalira mu 1580 isanathe, anaimaliza ndi Vincenzo Scamozzi. Chimene chinafalitsa zonsezi ndi buku la Palladio la 1570, I quattro libri dell'architettura, mmene anaikamo mapulani ndi miyeso yake yomwe moti mmisiri wa kutali akanatha kukopera. Mmisiri Inigo Jones anazitengera ku England, Thomas Jefferson anamangira nyumba yake ya Monticello ku America, ndipo mukaona khoti, banki kapena nyumba ya boma ya mizati yoyera kutsogolo kulikonse padziko, mwayi ndi waukulu kuti mzere wake ukukathera ku Vicenza. UNESCO inaika Vicenza pamndandanda wake wa malo ofunika a padziko lonse mu 1994, n'kuwonjezera mu 1996 kuti ma villa a Palladio akwane 24. Mu tauni momwemo musaphonye Teatro Olimpico, holo ya zisudzo imene anaitsegula mu 1585: papulatifomu pali misewu ya mzinda yopangidwa ndi matabwa ndi pulasitala, yooneka ngati ikupita kutali pamene ndi yaifupi, anangoichepetsa n'kuikweza chakumapeto. Anaipangira sewero loyamba lokha, mpaka lero sanaichotse. Koma Basilica Palladiana ya pabwalo lalikulu isakupusitseni ndi dzina, si tchalitchi, inali holo ya khonsolo ndi makhoti.

Pofika zaka za m'ma 1700 villa inali itasanduka mpikisano wa matama. M'mbali mwa ngalande ya Brenta, pakati pa Venice ndi Padua, mabanja ankapita kukatha chilimwe pa boti lotchedwa burchiello, kutchova juga ndi madansi. Chimake cha zimenezi ndi Villa Pisani ku Stra, zipinda 114, yomangidwa Alvise Pisani atakhala doge mu 1735, denga la holo yake linapentedwa ndi Giambattista Tiepolo kuonetsa banjalo likukwezedwa kumwamba. Pasanathe zaka 50 chipentereni banjalo linali m'ngongole, n'kugulitsa nyumbayo kwa Napoleon mu 1807. M'nyumba yomweyi ndi mmene Hitler ndi Mussolini anakumanirana koyamba mu 1934. Ine imeneyi ndimaiona ngati yongodutsa, kupatula munda wake wa njira zosokeretsa.

Padua ndiye mzinda umene ndingati muugonere, mitengo ya malo ogona bola kusiyana ndi Venice, ndipo pa sitima Venice ndi pafupifupi theka la ola, Vicenza kuchepera apo, Verona pafupifupi ola. Kuno kuli kachalitchi kakang'ono ka njerwa, kunja kwake kosapatsa chidwi n'komwe, Cappella degli Scrovegni. Bambo ake a mwiniwake, Reginaldo Scrovegni, anali wakatapila wotchuka mpaka wolemba ndakatulo Dante anamuika ku gehena pamodzi ndi akatapila anzake, nthawi imeneyo mpingo unkati kukongoza ndalama pachiwongoladzanja ndi tchimo lalikulu. Mwana wake Enrico, amenenso ankachita geni yomweyo, anagula malo mu 1300, kumanga kachalitchi, n'kuitana Giotto wa ku Florence. Akatswiri amakangana ngati kunali kulapa kapena kudzionetsa, ansembe a nyumba yoyandikana nayo anadandaula mu 1305 kuti n'zamatama, ine ndimati zonse ziwiri zimatheka mumtima umodzi. Pakhoma la Chiweruzo Chomaliza Enrico wagwada kumbali ya opulumuka, akupereka kachalitchiko kwa Maria ngati munthu wopereka lisiti.

Giotto anapenta pa pulasitala wosauma, njira yotchedwa fresco, mmisiri amapaka kachigawo kongokwana tsiku limenelo, utoto n'kulowa mu laimu n'kuuma naye limodzi, ukalakwitsa ndiye kugumula. Anamaliza cha m'ma 1305. Asanabwere iye oyera ankajambulidwa ouma ngati zidole, maso tong'o, kumbuyo golide. Iye anajambula anthu. Yudasi akukumbatira Yesu ndi chinsalu chake chachikasu mpaka kumuphimba thupi lonse, milomo yatsomphoka kuti ampsompsone, Yesu akungomuyang'ana m'maso osaphethira. Amayi a ana ophedwa ndi Herode misozi ikuoneka kutsika m'masaya. Nyenyezi ya ku Betelehemu anaijambula ndi mchira, n'chifukwa chake chombo cha ku Ulaya chimene chinakajambula nyenyezi ya Halley mu 1986 anachitcha Giotto. Kulowamo kumafuna kubukitsa pasadakhale, amalowetsa kagulu kochepa, mumayamba mwakhala m'chipinda choziziritsa pafupifupi mphindi 15 kuti chinyezi cha thupi lanu chisakaononge utoto, ndipo mkatimo amakupatsani mphindi zochepa zomwezo. Tchalitchi cha ansembe odandaula aja, Eremitani, chinaphulitsidwa ndi bomba pa 11 March 1944 n'kuononga zithunzi za Andrea Mantegna, ndipo mtunda wake kuchokera pa Giotto ndi woponya mwala.

Kumbali ina ya mzinda kuli Antonio Woyera, amene Akatolika akwathu amamupempha chinthu chikasowa. Ku Padua samutchula n'dzina lomwe, amangoti Il Santo. Sanali wa ku Italy, anabadwira ku Lisbon mu 1195, anafuna kukalalika ku Morocco koma anadwala, sitima yobwerera inakankhidwa ndi mphepo mpaka ku Sicily. Ku Padua anakhalako nthawi yochepa, koma ulaliki wake wodzudzula akatapila unachititsa kuti mu March 1231 mzinda ukhazikitse lamulo loti wangongole akapereka katundu wake asatsekeredwe m'ndende. Anamwalira pa 13 June chaka chomwecho, chaka chisanathe anali atatchedwa woyera, mu 1232 anayamba kumanga tchalitchi. Mu 1263 atatsegula bokosi anapeza lilime lisanaole, lilipo mpaka lero m'chotengera chagolide. Apa si myuziyamu ayi, mzere wa anthu umazungulira kuseri kwa manda, aliyense kuika chikhatho pamwala, ena akulira, pambali pali zithunzi za ana, za magalimoto ophwanyika, timakalata tothokoza. Panja, mpaka pamene anachichotsa kukachikonza mu 2025, panali chiboliboli chamkuwa cha msilikali Gattamelata pa hatchi, cha mmisiri Donatello, cha 1453. Yunivesite ya mumzindawu ndi ya 1222, Galileo anaphunzitsapo kuyambira 1592 mpaka 1610, ndipo mu 1678 Elena Cornaro Piscopia analandirapo digiri ya udokotala wa filosofi, mkazi woyamba kutero.

Ku Verona anthu amathamangira khonde la Juliet, koma mtsikanayo ndi wa m'sewero ndipo khondelo analimata pakhoma m'zaka za m'ma 1930. Bwalo la Aroma la Arena, la zaka pafupifupi 2,000, ndi lenileni ndipo kuyambira 1913 mumachitika zoimba za opera nthawi yotentha. Koma yendani mphindi 15 kapena 20 kuchoka pakati pa tauni mukafike ku San Zeno Maggiore, chimene anachimanganso chivomezi cha 1117 chitadutsa. Zitseko zake zili ndi timapuleti tamkuwa 48 ta nkhani za m'Baibulo ndi za moyo wa Zeno Woyera, tosemedwa mokhala ngati mwachibwana koma tamoyo. Zeno amene ndi nkhoswe ya mzindawu anali bishopu m'zaka za m'ma 300, ndipo mwambo wa mpingo umati anachokera kumpoto kwa Africa, eni ake amamutcha bishopu wakuda. Chiboliboli chake mkatimo ndi cha nkhope yakuda, akumwetulira, nsomba ikulendewera pandodo yake chifukwa amati ankawedza mumtsinje wa Adige. Verona yomweyi ndi kumene Daniele Comboni anayambitsira chipani chake cha amishoni mu 1867, a Comboni omwewa amene tikuwadziwa ku Lunzu ndi ku Chipata, ndipo kunyumba kwawo kuli myuziyamu ya zinthu za ku Africa. Masisitere a Canossa nawonso anayambira konkuno mu 1808.

Zing'onozing'ono zoti mudziwe: matchalitchi ambiri salola mapewa ndi mawondo apamtunda, ang'onoang'ono amatseka masana, ma villa ambiri ndi a mabanja ndipo amatsegula masiku owerengeka pa sabata, ena amatsekeratu nthawi yozizira, nde onani kaye pa intaneti musanawononge thiransipoti. Emo ndi Maser popanda galimoto n'zovutirapo.

Ndipo ngati dzina loti Bakhita mumangolidziwira pa sukulu ya ku Balaka ija, kwerani sitima yaing'ono kuchokera ku Vicenza kupita ku Schio, tauni ya mafakitale a nsalu patsinde pa mapiri. Josephine Bakhita anabadwira ku Darfur cha m'ma 1869, anagwidwa ukapolo ali mwana mpaka anaiwala dzina lake, loti Bakhita anamupatsa ndi omugwirawo, kutanthauza wamwayi. Kazembe wa Italy ku Khartoum anamugula n'kubwera naye mu 1885, kenako anakhala mlezi wa mwana m'banja lina kufupi ndi Venice. Banjalo litafuna kubwerera naye ku Sudan iye anakana kuchoka kwa masisitere a Canossa, nkhani inafika kwa akuluakulu a boma, ndipo pa 29 November 1889 anagamula kuti ndi mfulu chifukwa malamulo a Italy sankavomereza ukapolo. Anabatizidwa pa 9 January 1890 ku Venice, n'kukhala sisitere mu 1896. Ku Schio anafikako mu 1902 ndipo ntchito yake inali kuphika, kusamala za m'tchalitchi ndi kutsegula pageti, anthu akumeneko ankamutcha Madre Moretta, mayi wakuda. Anamwalira pa 8 February 1947, anatchedwa woyera mu 2000. Thupi lake lili pansi pa guwa m'tchalitchi cha masisiterewo, chaching'ono, chopanda golide wa San Marco kapena mizati ya Palladio, ndipo kuchokera pa siteshoni mukhoza kuyenda wapansi.